Beseni la Amayi a Nthochi

Aliyense amene anakwerapo basi ya pakati pa Lusaka ndi Chipata m'zaka zija za chipani chimodzi anamuonapo Keziah Miti, ngakhale dzina sanalidziwe. Basi ikangoima pa Nyimba, amayi ogulitsa nthochi ankaithamangira malichero ali pamutu, ndipo woyamba kufika pa windo ankakhala mayi wamtali, wakuda bii, wa mawu odzutsa ngakhale munthu wogona pampando wakumbuyo. Ameneyo ndiye Keziah. Wogula sankamunyengerera. Ukanena kuti nthochi zake n'zazing'ono ankakuuza kuti upite ukadye zazikulu za kwanu, ndipo unkagulabe uku ukuseka.

Kwawo kunali ku Sasare, kumene atate ake anathera mphamvu m'maenje a golide. Tsiku la ufulu linamupeza ali mtsikana wongotha kumene msinkhu. Anavina mpaka mapazi kutupa, ndipo anamva ndi makutu ake akuluakulu akulonjeza kuti m'dziko latsopanoli mwana aliyense ndi wa boma: kubadwa kwaulere, mankhwala aulere, sukulu yaulere. Keziah sanali munthu wokayikira mawu a akulu. Anameza zonse osatafuna.

Poyamba zinalidi choncho, tisanamizire anthu. Atakwatiwa ndi Stanislaus Njobvu, mlimi wofatsa amene anali ndi dimba la nthochi kunja kwa Nyimba, Keziah anakachirira mwana wake woyamba pa kachipatala ka m'dera lawo. Anapita ndi chitenje chimodzi chokha. Sopo anamupeza komweko, thonje komweko, ndipo potuluka anamupatsa kabulangete ndi chitini cha mkaka. Mwanayo anali wamkazi, anamutcha Sophia. A chipani atalengeza kuti kachipatalako kakufunika chipinda cha amayi oyembekezera, Keziah anaponda dothi, anasenza njerwa Sophia ali kumsana, osalandira ngakhale ngwee imodzi. Sanadandaule. Ankati akumanga nyumba yake yomwe.

Kenaka mkuwa unagwa mtengo, kapena tinene kuti ndi zimene inkanena wailesi. Sopo anasowa m'mashopu, mafuta ophikira anasowa, makandulo anasowa. Munthu ankaima pamzere kuyambira mame asanaume osadziwa chimene chikugulitsidwa kutsogolo, n'kudzamva atafika pakhomo kuti chatha. Zimene sizinasowe ndi misonkhano ndi nyimbo zotamanda. Ku kachipatala kuja kabulangete kanaleka, mkaka unaleka, ndipo m'malo mwake kunabwera lamulo. Mayi aliyense wapakati ankayenera kuonetsa ku sikelo katundu wa mwana: beseni, matewera, shawelo, sopo, lezala ndi kandulo. Wopanda zimenezi ankauzidwa kuti tsiku lake likadzafika akachirire kwawo.

Amene anapanga lamuloli mwina sanagulepo sopo ndi ndalama ya m'thumba mwake, komanso sanafunse mayi aliyense wa kumudzi. Kwa Ansenga, anthu a dera limenelo, ngakhalenso kwa anansi awo, munthu sagulira zovala mwana amene sanamuone. Kutero n'kudzitama pamaso pa anthu oipa mtima, n'kuitana tsoka ndi pakamwa pako. Mayi amabisa mimba mpaka chitenje chikane, ndipo kansalu koyamba ka mwana kamang'ambidwa iye atalira kale. Choncho lamulo lija linaluma pawiri. Katunduyo kunalibe komupeza, ndipo ngakhale ukanamupeza, agogo akumudzi akanakufunsa ngati mutu wako ukuyenda bwino.

Lamulolo linamupeza Keziah ali ndi mimba yachinayi, atabereka kale anyamata awiri pambuyo pa Sophia. Stanislaus anapalasa njinga mpaka ku Petauke atamva mphekesera yoti kwafika sopo, n'kubwerako ndi fumbi lokhalokha. Matenda atayamba, Keziah anapitabe ku chipatala ndi chitenje chake monga kale, poganiza kuti chipinda chimene anasenzera njerwa sichingamukane. Chinamukana. Anabwerera kunyumba akuimaima panjira, ndipo amayi a m'mudzi anachita zonse zimene ankadziwa, koma mwana anali atagona chopingasa. Anatuluka wosapuma. Mwana wotere amakaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, ndipo mwambo sulola kumulira. Keziah sanalire. Misozi imene anaikanizayo inakhala m'chifuwa n'kusanduka ukali, ndipo ukali umenewo sunachokemonso. Mimba nayo sinabwerenso.

Atapeza mphamvu anasonkhanitsa amayi anzake a nthochi pansi pa mtengo umene ankadikirira basi.

"Tamvelani kuno," anatero. "Afuna kuona katundu? Tizawaonetsa katundu. Koma azakhala umozi wa tonse."

Aliyense anaponya kangachepe. Anagula beseni loyera lachitsulo la mkombero wabuluu, matewera angapo, shawelo yachikasu, ndi mtanda wa sopo umene woyendetsa lole wina anawagulitsa mobisa pamtengo wochititsa manyazi. Katunduyo ankakhala kwa Keziah, atamangidwa m'chitenje, pamwamba pa mitanda ya denga. Mayi akafuna kupita ku sikelo ankabwera kudzasenza, n'kukaonetsa, n'kubweza madzulo. Tsiku lochira ankatenganso, kungowonjezapo lezala latsopano, ndipo akatuluka ankachapa zonse n'kubweza. Sopo yekha ndiye sankakhudzidwa. Ameneyo ntchito yake inali kuoneka. Anakhala m'pepala lake mpaka kuuma gwa ngati njerwa, ndipo amayi ankaseka kuti ana amene iye anawalowetsa m'chipatala ayamba kale sukulu pamene iye madzi sanawalawe.

Chimene chinakondweretsa kwambiri agogo n'chakuti katunduyo sanali wa mwana aliyense. Palibe amene anagulira mwana wosabadwa, choncho tsoka linalibe khomo logogoda. Namwino wa nthawi imeneyo anali wokalamba, ndipo kaya maso ake anali ofooka kaya ankangodziwa poyang'ana, palibe anafunsa. Wina anganene kuti linali bodza. Anene. Ana ambiri a m'mbali mwa msewu umenewo anabadwira pabedi chifukwa cha bodza limenelo, ndipo ena a iwo lero ndi anthu a mimba zawo zazikulu m'maofesi.

Zaka zinapita. Stanislaus anadwala chifuwa n'kumwalira, dimba linatsala m'manja mwa Keziah. Sophia anakula, koma sanatengere amake. Anali wamfupi, wochepa thupi, wamanyazi ngati atate ake, mwana woti ukamukalipira pang'ono amakabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka dzuwa kupendeka. Anakwatiwa ndi Edmond Daka, mnyamata wa kwa Kalindawalo, amene anapita ku Lusaka kukafuna ntchito mkazi wake ali ndi mimba yaing'ono. Ntchito sanaipeze msanga, ndipo ndalama yobwerera analibe. Sophia anabwerera m'nyumba ya amake.

Pamenepo n'kuti ku chipatala kutabwera namwino watsopano, Bernadette Sakala, mtsikana wa maso akuthwa. Atamuyeza Sophia anaitana Keziah pambali.

"Amai, uyu mwana wanu chiuno ni ching'ono. Asayese kuchilila kunyumba. Matenda akangoyamba mubwele nae kuno, kuti nikaona zavuta nimutumize ku chipatala chikulu."

Keziah anagwedeza mutu. Mumtima analumbira kuti mwana wakeyu sadzaona zimene iye anaona. Sanade nkhawa kwambiri, poti beseni linali pamwamba pa denga.

Koma Sophia asanafike pokaonetsa katundu, mayi wina wa nthochi, Olipa, anakachira n'kubwerako ndi khanda kumsana, m'manja mulibe kanthu. Anati sisita, namwino watsopano uja, wagwira katundu yense wa amayi a nthochi. Keziah sanadikire kumva zambiri. Anasiya lichero pansi basi ikubwera, n'kulunjika ku chipatala. Anapeza namwino akukolopa yekha m'chipinda chija cha amayi.

"Sisita, nabwela kutenga katundu wathu."

"Mwewo ndimwe mwine wake wa beseni ya mkombelo wabuluu? Naiona mwezi na mwezi, amai. Yabadwitsa mudzi wonse."

"Ngati yabadwitsa mudzi wonse, yalakwa chani? Nipaseni."

Namwino anaimika chokolopera kukhoma. Analoza pawindo. Sopo uja, amene kwa zaka zonsezi sanalawe madzi, anali atadulidwa zidutswa, ndipo chidutswa chimodzi chinali chitasungunuka kale theka. Keziah anamva ngati amudula chala.

"Mwamusambila!"

"Namusambila, inde. Sopo ni wosambila. Muganiza ine nisamba na chani nikachoka pa mai uyu kuyenda pa mai uyo? Mubwela nae, munionetsa, mubwelela nae. Ine nitsala na magazi kumanja." Anatsegula kabati ya mankhwala. Munali mabotolo opanda kanthu ndi mphemvu. "Onani. Matewela napatsa mai wa kumapili wamene wabala amapasa alibe ngakhale kasanza. Shawelo nayo yayenda. Beseni nisewenzetsa muno."

"Si vanu ivo! Tinagula na thukuta lathu!"

"Niziba. Koma lamulo si langa, amai, na umphawi uyu si wanga. Nikalola umozi kubwela chimanjamanja, mailo onse azabwela chimanjamanja, lomba nizagwila ana na chani? Sophia abwele na vake."

Keziah anayang'ana manja a namwinoyo. Anali ong'alukang'aluka ngati a munthu wolima. Anafuna kumutukwana, mawu anali kale pakamwa, koma sanapeze pomuluma. Anatuluka ali ndi ukali wodzaza chifuwa wopanda pouthira, ndipo palibe ukali wopweteka kuposa umenewo.

Anayesa kuyambanso. Koma mitengo ya zinthu inali itathawa kutali, mafuta a galimoto anali osowa moti basi zinkadutsa mwa apo ndi apo, ndipo nthochi zinkapsa n'kuda pa lichero. Amayi anzake analonjeza kusonkhanso, koma aliyense anali ndi mphika wake wosatentha. Anapeza lezala ndi kandulo. Beseni ndi sopo zinakana. Mimba ya Sophia inkatsika, mapazi akutupa, ndipo Keziah ankagona maso ali kudenga, pamalo pamene pankakhala mtolo uja.

Ndiye tsiku lina a cheyaledi, mtsogoleri wa amayi a chipani, a Jennipher Lungu, anabwera pamalo a nthochi atavala chitenje chawo cha misonkhano.

"Azimai, nkhani yabwino! Kubwela bwana mukulu kuchokela ku Lusaka. Boma yakumbukila amai apakati. Aliyense azalandila katundu wa mwana, waulele! Pa siku iyo kulibe kugulisa, tonse ku chipatala kukavina. Amake Sophia, mwana wanu ndiye azaimilila kusogolo. Mimba yake ioneka bwino."

Keziah anali atasiya kale kukhulupirira za misonkhano. Koma munthu amene wapanikizika amakhulupirira zimene akufuna. Anachapa diresi la Sophia, anamuluka tsitsi, anamubwereka ndolo zake za ukwati.

Tsikulo anthu anasonkhana m'mawa pabwalo la chipatala. Ana a sukulu anaimba mpaka mawu kuuma. Amayi apakati anawakhazika pamphasa padzuwa, chifukwa mthunzi unali wa mipando ya alendo. Bwana anafika dzuwa litadutsa pamutu, magalimoto atatu ali pambuyo pake, ndipo analankhula nthawi yaitali. Anati mayi ndiye maziko a dziko. Anati boma likudziwa kuti kubereka n'kodula, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe mayi amene adzadere nkhawa katundu wa mwana. Anthu anaomba m'manja pamene a cheyaledi ankaombera.

Kenaka mesenjala wovala kakhi anatsitsa mtolo m'galimoto. Linali beseni lapulasitiki lofiirira, latsopano, lokutidwa ndi pepala loonekera mkati. Munali matewera oyera mbee, shawelo ya mphonje, botolo la mafuta odzola, ndi sopo wonunkhira, osati mmodzi. Anaitana Sophia. Anayenda pang'onopang'ono atagwira msana, maso ali pansi. Bwana anamupatsa beseni, osalisiya, ndipo wojambula zithunzi anawauza onse awiri kuti ayang'ane kwa iye. Sophia anakweza mutu n'kumwetulira.

Keziah analuluta. Analuluta mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera, analowa m'bwalo n'kuvina ngati mtsikana wa ku Sasare uja, misozi ikutsika. Pa kanthawi kameneko anakhululukira boma zonse, ngakhale mwana wake uja wosaliridwa. N'zomvetsa chisoni kuti mtima wa munthu wosauka ndi wotchipa chotere.

Alendo anapita kukadya m'kalasi ya sukulu. Amayi ena apakati anayamba kufunsana kuti awo atuluka liti. Sophia anakhala pamphasa beseni lili pamiyendo, akusisita shawelo kudzera pa pepala. Pamenepo mesenjala uja anabwera, n'kuwerama, n'kugwira mkombero wa beseni.

"Bwelesani, amai. Ibwelele mu motoka."

Sophia anasiya nthawi yomweyo, monga mwa chibadwa chake. Koma dzanja la Keziah linali litagwira kale mbali inayo.

"Muipeleka kuti, bambo?"

"Iyi ni yachisanzo chabe. Ifunika ku Petauke mailo, kuli musonkhano winangu. Yanu izabwela."

"Izabwela liti?"

"Boma izalengeza."

"Mimba iyi izayembekeza kulengeza? Bwana wapasa mwana wanga pamenso pa wanthu onse. Siyani!"

"Amai, musanivute. Ni imozi chabe, tiyenda nayo chigawo chonse."

Apa ndi pamene Keziah anamvetsa, ndipo anaseka kuseka koipa kumene kunatembenuza mitu ya anthu.

"Imozi chabe! Muonesa, mubwelela nayo! Azimai, mwamvela? Ni beseni yathu ija! Ife tikachita ati ni boza, atilanda. Boma ikachita ati ni chitukuko, tivine! Koma yathu inali kulowesa ana mu chipatala. Yanu ilowesa ndani?"

A cheyaledi anathamanga akuti, "Amake Sophia, muzatichitisa manyazi, alendo akali pano!" Keziah anawauza kuti manyazi akagulitse ku msika aone ngati angagulire sopo. Mesenjala anakoka, iye anakoka. Pepala linang'ambika, sopo anagwa n'kugubuduka m'fumbi, ana a sukulu anamuthamangira. Mesenjala anamukankha pachifuwa, ndipo Keziah anamuwomba khofi limene linamveka mpaka kumene alendo ankadya nkhuku.

Anyamata a chipani anamugwera Keziah ngati agwira mbala. Anamupinda manja, chitenje chinamasuka, anamukokera ku galimoto akutukwana boma ndi akuluakulu ake mmodzimmodzi. Anthu ena anaseka, poti anthu amaseka chilichonse chimene sichinagwere iwo. Ena ankaloza Sophia kuti ndi uja wa beseni. Sophia anaimirira, anaphimba nkhope ndi chitenje, n'kuyenda yekha kubwerera kwawo. Beseni analipukuta fumbi n'kulibweza m'galimoto.

Keziah anamutsekera ku polisi pa mlandu wonyoza boma ndi kumenya wantchito wake. Anagogoda chitseko, anakuwa kuti mwana wake ali pafupi kuchira, anapempha, iye amene sanapemphepo munthu. Anamuuza kuti akhale chete mpaka alendo atuluke m'chigawo. Alongo ake a Sophia anali kutali, wina ku sukulu yogonera konko, wina kokagwira ganyu ya thonje. Kunyumba kunali Sophia yekha.

Matenda anamuyamba m'mawa mwake. Tsopano taganizani mtsikana ameneyu. Anakula akumva mmene amake anawabwezera pakhomo la chipatala. Anamva kwa amake kuti sisita wati abwere ndi zake, ndipo zake zinali lezala ndi kandulo. Dzulo lake dera lonse linamuona akulandidwa beseni pabwalo la chipatala chomwecho. Kuti adutsenso pamenepo chimanjamanja, n'kukabwezedwa anthu akuona, zinamukulira kuposa ululu. Anatseka chitseko n'kuluma chitenje. Anansi ataona chitseko chotseka anati mwana akubisala manyazi, musiyeni apume.

Amayi a nthochi ndiwo anakagwada ku polisi mpaka Keziah anamasulidwa. Anathamanga njira yonse. Atafika anapeza nkhuku zikadali m'khola zosatseguliridwa, ndipo anadziwa. Anathyola chitseko ndi phewa. Sophia anali pansi pambali pa mphasa, milomo itauma, maso atalowa, mawu atatha.

"Amama," ananong'ona, "nenze nilibe beseni."

Anamunyamula pa ngolo ya ng'ombe ya mnansi. Namwino Sakala atawaona akubwera anathamanga kukawachingamira, ndipo sanafunse za beseni, sanafunse za sopo. Anagwira mimba, anamvetsera, nkhope yake inasintha.

"Chifukwa chani simunabwele nae? Nenze nizamulandila! Uyu nenze nizamulandila!"

"Munamuuza?" anatero Keziah. "Munamuuza liti?"

Namwino anathamangira kumsewu yekha, yunifomu ikuuluka, n'kuimitsa lole ya chimanga. Ku chipatala chachikulu anamung'amba Sophia n'kupulumutsa moyo wake. Mwana anali wamwamuna, wamkulu bwino, wa tsitsi lambiri. Anali atafa kale.

Amayi anakamuika mwakachetechete monga mwa mwambo, atamukulunga m'chidutswa cha chitenje cha agogo ake. Keziah sanalire, kachiwiri. Mlandu wake unazimiririka wokha, poti panalibe amene ankafuna kuti nkhaniyo ikambidwe m'khoti. A cheyaledi anabwera kudzapepesa maliro atanyamula kambale ka ufa, ndipo Keziah anawasiya ataima pabwalo mpaka anatopa n'kubwerera. Katundu waulere uja sanabwere. Sanabwere mwezi umenewo, sanabwere chaka chimenecho, ndipo chipani chinadzatha mphamvu iye asanabwere. Palibe amene anafunsidwa, palibe amene anachotsedwa ntchito. Mtsikana wamanyazi wa kumudzi akataya mwana, m'maofesi sagwa ngakhale pensulo.

Keziah anabwerera kumsewu chifukwa nthochi sizidikira maliro. Ankathamangirabe basi, ankafikabe poyamba, koma nthabwala zija zinatha. Ukati nthochi n'zazing'ono ankangokuyang'ana mpaka iwe wekha kuchita manyazi.

Masana ena kondakitala wa basi amene ankamudziwa anamuitana pa chitseko, nyuzipepala yakale ili m'manja.

"Amai, si mwana wanu uyu? Mwatchuka!"

Keziah sankadziwa kuwerenga, koma chithunzi sichifuna sukulu. Anali Sophia, tsitsi lolukidwa, ndolo za ukwati zili m'makutu, akumwetulira, beseni lili pakati pa iye ndi bwana.

"Palembewa chani pansi apa?"

"Ati, amai a ku Nyimba akondwela na thandizo ya boma."

Anamulanda nyuzipepalayo osapempha. Kondakitala anafuna kuseka, koma ataona nkhope yake analowa m'basi. Keziah anaipinda n'kuisomeka m'chiuno. Ankafuna kukaiyatsira moto, aione ikupsa ndi bwana wake yemwe.

Atafika kunyumba anapeza Sophia atakhala pakhonde, akusenda chinangwa pang'onopang'ono, poti bala linali lisanapole. Keziah anagwada pa mafuwa n'kutulutsa pepala lija, koma Sophia anali ataona kale.

"N'chani icho, amama?"

"Palibe. Vinyalala."

"Nipaseni nione."

Keziah akanatha kukana munthu aliyense m'dziko muno, kuyambira mesenjala mpaka bwana, koma uyu sakanatha. Anamupatsa. Sophia anapukuta manja pa chitenje, anatambasula pepalalo pamiyendo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Sanayang'ane bwana, sanayang'ane beseni, ngakhale nkhope yake yomwe. Anaika chala pa mimba ya mtsikana wa pachithunziyo.

"Musashoke pa moto, amama," anatero. "Apa enze akali moyo."